SUSAN LUCCI: ANALEPHERA MAULENDO 18 KOMA SANATAYE KHASU

Owerenga athu, ambiri a inu mumadziwa mmene nyumba imakhalira cete nthawi ya sewero la pa wailesi ya kanema ikakwana. Ndiwo zimapserera pamoto, mwana amene mwamtuma amanamizira kusamva, ndipo m'mawa mwake ku cigayo kapena ku mjigo nkhani imakhala ya amene wakwatiwa ndi amene wasudzulidwa m'seweromo. Masewero otere, amene nkhani yake imapitirira tsiku ndi tsiku osafika kumapeto, monga mmene analiri Kabanana kuno kwathu kapena Isidingo wa ku South Africa, anayambira ku America. Ndipo ku America komweko mukafunsa munthu wacikulire kuti mfumukazi ya masewerowa ndani, dzina limene lidzabwera msanga ndi la Amai Susan Lucci.

Amai amenewa anasewera munthu mmodzi, Erica Kane, m'sewero limodzi, All My Children, kwa zaka 41. Erica anali mkazi wosakhazikika, wosintha amuna ngati zobvala. Koma eni ake a nkhope imene Erica anabwereka anakhala ndi mwamuna mmodzi zaka 52, mpaka imfa inawalekanitsa. Anapikisana nao pa mphotho yaikulu ya nchito yao maulendo 18 osapambana, dziko lonse likuwaseka, koma sanaleke kupita ku nchito. Tiyeni tione kumene anacokera ndi cimene cinawasunga.

KUCOKERA KU GARDEN CITY

Susan Victoria Lucci anabadwa pa 23 December 1946 ku Scarsdale, m'cigawo ca New York, ndipo anakulira m'tauni ya Garden City pa cisumbu ca Long Island, kum'mawa kwa mzinda wa New York. Atate ao anali a mtundu wa ku Italy, ogwira nchito ya zomangamanga. Amai ao anali a mtundu wa ku Sweden, ndipo anaphunzira unamwino. Silinali banja la anthu a masewero.

Atamaliza sekondale mu 1964 anapita ku Marymount College ku Tarrytown, koleji ya atsikana imene inayambitsidwa ndi masisitere a cipani ca Religious of the Sacred Heart of Mary. Kumeneko anaphunzira luso la masewero, ndipo analandira digiri yao mu 1968. Ali ku koleji komweko anacita ngozi ya galimoto, magalasi nawatema kumaso. Kwa mtsikana amene anali kuyembekeza kudzaonekera pamaso pa anthu, ngozi yotere ikadatha kutseka njira yonse, koma madokotala anawasoka bwino ndipo anacira.

Atayamba kufuna nchito mu New York anakumana ndi copinga cina. Ena anawauza kuti pa kanema sadzapita patali cifukwa ca maonekedwe ao: tsitsi lakuda, maso akuda ndi khungu la anthu a ku Italy. Masiku amenewo makampani anali kukonda atsikana a maso a buluu ndi tsitsi loyera ngati ndevu za cimanga. Iwo sanabwerere m'mbuyo.

Caka ca 1969 cinawabweretsera zinthu ziwiri zimene zinadzakhala mizati ya moyo wao. Pa 13 September anamanga ukwati ndi Bambo Helmut Huber, katswiri wophika m'mahotela, wobadwira ku Austria. Awiriwa anaonana koyamba ku hotela ya ku Garden City, kumene Susan anali kugwira ganyu yoperekera cakudya pa chuthi, pamene Bambo Huber anali mkulu wa ophika. M'caka comweco anakayesedwa pa sewero latsopano limene kampani ya kanema ya ABC inali kukonza. Anawatenga kuti akhale Erica Kane, mtsikana wa zaka 15 wobvuta kusukulu ndi kunyumba komwe. Iwo anali ndi zaka 23 pamene sewerolo linayamba kuonetsedwa pa 5 January 1970.

N'CIFUKWA CIANI AMATI MASEWERO A SOPO?

Dzina lakuti soap opera, ndiye kuti sewero la sopo, linacokera ku wailesi za ku America m'zaka za m'ma 1930. Makampani opanga sopo, monga Procter & Gamble, anali kulipira kuti masana pa wailesi pazimveka nkhani zopitirira za cikondi ndi mabanja. Anadziwa kuti nthawi imeneyo amai ambiri ali pakhomo, akucapa ndi kuphika, ndipo ndiwo amagula sopo. Gawo liri lonse linali kuthera pamene mtima uli m'mwamba, kuti mawa munthu atsegulenso wailesi, amve kumene nkhani yathera, amvenso za sopo. Wailesi ya kanema itabwera, masewerowa anasamukira kumeneko ndi nzeru yomweyo.

Nchito yake ndi yolemetsa kuposa mmene woonera angaganizire. Sewero lotere limaonetsedwa masiku asanu pa mlungu, Lolemba mpaka Lacisanu, caka conse. Ndiye kuti magawo ngati 250 pa caka. All My Children inayamba ndi magawo a mphindi 30, koma kuyambira mu 1977 gawo liri lonse linakhala la ola lathunthu. Motero osewera anali kujambula pafupifupi gawo lonse pa tsiku limodzi. Madzulo munthu alowezere pamtima masamba ambiri a mau, m'mawa akawalankhule pamaso pa makamera, madzulo ake awaiwale n'kuyamba ena. Uli ngati munda umene msongole wake umamera usiku uliwonse.

Amene analenga All My Children ndi Amai Agnes Nixon, mlembi amene anaphunzira nchito kwa Irna Phillips, amene anthu amamuyesa mai wa masewero a sopo. Amai Nixon anali ndi cikhulupiriro cakuti sewero lingasangalatse ndi kuphunzitsa nthawi imodzi. Mu 1962, akulemba sewero lina lochedwa Guiding Light, analowetsamo nkhani ya mkazi amene anapezeka ndi khansa ya m'cibaliro cifukwa cokapimitsa msanga, ndi colinga cakuti amai oonera azikapimitsa. Mu All My Children anaikamo nkhani za nkhondo ya ku Vietnam, ucidakwa, nkhanza za m'banja ndi matenda a Edzi. Zonsezi zinali kucitika m'tauni yongopeka yochedwa Pine Valley, pafupi ndi mzinda wa Philadelphia.

ERICA KANE, MKAZI WA MAUKWATI 10

Pa anthu onse a ku Pine Valley, amene anagwira mitima ya oonera anali Erica. Anali wokongola, wodzikonda, wabodza akafuna cinthu, ndi wosaopa munthu. Anakhalapo woonetsa zobvala, mwini wa kampani ya zodzola, mkonzi wa magazini ndi woulutsa mau pa kanema. Analowapo m'ndende. Anabvalapo ngati sisitere pothawa apolisi. Mu 1985 anakumana ndi cimbalangondo m'thengo, nacikalipira kuti cidziwe amene cikulimbana naye, ndipo cinyamaco cinabwerera. Anthu anaseka, koma sanaiwale.

Maukwati ake amawerengedwa pafupifupi 10. Amuna ena anakwatiwa nao kawiri, ndipo awiri mwa iwo, Travis ndi Jackson Montgomery, anali pa ubale wa mkulu ndi mng'ono. Oonera anali kukonda kuchula dzina lake lonse mondondomeza maina a amuna ake: Erica Kane Martin Brent Cudahy Chandler Montgomery Montgomery Chandler Marick Marick Montgomery. Kuno kwathu ankhoswe akadathawa m'mudzi.

Komatu Amai Nixon sanalenge munthu woipa cabe. Anampatsa bala. M'nkhanimo atate a Erica, Eric Kane, anathawa banja iye ali mwana, n'kumsiya ndi amake, Mona. Ukwati uliwonse umene Erica analowa unali ngati kufunafuna cikondi ca atate amene anamtaya, ndipo mwamuna aliyense anali kupezeka woperewera. Apa ndi pamene luso la Amai Lucci linaonekera. Anali kutha kuonetsa mkazi wamwano ndi kamwana kosiyidwa pa nkhope imodzi. N'cifukwa cake oonera anali kumkwiyira Erica Lolemba, Lacitatu n'kumvera cisoni. Amene analerapo mwana wosiyidwa ndi bambo wake adziwa kuti pamenepa sewero silinaname.

Nkhani zina za Erica zinautsa mkangano m'dziko lonse. Mu 1973, caka cimene khoti lalikulu la America linalola kucotsa mimba, olemba anamcititsa Erica kucotsa mimba cifukwa sanafune kuti imsokonezere nchito yoonetsa zobvala. Ena anayamika sewerolo kuti lalimba mtima, ena anakhumudwa kwambiri. Patapita zaka zoposa 30, olemba ena anaitembenuza nkhaniyo n'kunena kuti mwanayo sanafe, dokotala anamsamutsira mwa mkazi wina, ndipo anatulukira ali mnyamata wamkulu. Zotere sizitheka m'cipatala ciri conse, ndipo ambiri mwa oonera anadandaula. Izi zitikumbutsa kuti m'sewero la sopo dzulo limasinthika pamene olemba afuna oonera ambiri, pamene m'moyo weniweni madzi akatayika saoleka.

Panalinso nkhani zimene zinathandiza mabanja. Ca m'ma 1995 Erica anagwidwa ukapolo wa mankhwala oletsa ululu mpaka anakagonekedwa ku malo othandiza anthu otere. Pambuyo pake mwana wake wamkazi, Bianca, anadwala matenda odzimana cakudya poopa kunenepa, ndipo oonera anaona mai wodzikonda uja akugwada pansi kupempha mwana wake kuti adye, akhale ndi moyo.

Magazini ya TV Guide inamchula Erica Kane kuti ndiye munthu wochuka koposa onse m'mbiri ya masewero a masana. Pofika mu 1991 nyuzipepala zinali kulemba kuti Amai Lucci amalandira ndalama zoposa madola 1 miliyoni pa caka, kuposa wina aliyense pa masewerowa.

MAULENDO 18 OBWERERA CIMANJAMANJA

Ku America kuli mphotho yochedwa Daytime Emmy, imene imaperekedwa caka ndi caka kwa ocita bwino pa mapulogalamu a masana. Poyamba amasankha maina owerengeka, kaŵirikaŵiri asanu, ndipo pa usiku wa mwambo amatsegula envulopu ndi kuchula mmodzi. Dzina la Amai Lucci linalowa koyamba pa mndandanda wa akazi otsogolera sewero mu 1978. Sanapambane. Linalowanso mu 1981, ndipo kucokera pamenepo linali kulowa caka ciri conse mpaka 1993, kenaka kuyambira 1995 mpaka 1998. Maulendo onse pamodzi anakwana 18, ndipo ulendo uliwonse envulopu inali ndi dzina la wina.

Taganizani za mlimi amene mbeu zake anthu onse amazitama, amapita nazo ku cionetsero ca zaulimi caka ndi caka, koma mphotho imapita kwa mnansi wake, mpaka ana a m'mudzi ayamba kumuimba nyimbo. Ndi mmene zinawakhalira. Kulephera kwao kunali kuonetsedwa pa kanema. Makamera anali kulunjika pa nkhope yao pamene dzina la wina likuchulidwa, kuti dziko lione ngati agwetsa msozi. Dzina lao linasanduka mwambi. Munthu aliyense wopikisana kaŵirikaŵiri osapambana, kaya m'masewero kaya m'nyimbo, anali kumnena kuti ndi Susan Lucci wa kumeneko. Pa nthawi yomweyi mnzao Erika Slezak, wa sewero lina la Amai Nixon lochedwa One Life to Live, anali atatenga kale mphotho yomweyo maulendo 5 pofika mu 1996.

Iwo anasankha kuseka pamodzi ndi owasekawo. Anajambulitsa cilengezo ca malonda a zotsekemeretsa tiyi m'mene anadzionetsa ngati akupsa mtima cifukwa cosowa mphotho. Mu 1990 anatsogolera pulogalamu ya nthabwala yochedwa Saturday Night Live, m'mene nthabwala yaikulu inali yakuti aliyense pamalopo ali ndi Emmy kupatula iwo. Anabvomera poyera kuti kulephera kunali kuwawa, koma sananyoze amene anapambana, ndipo sanasiye sewero mokwiya.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku wa Lacisanu, pa 21 May 1999, mu holo ya ku Madison Square Garden mu New York, mnyamata wosewera wochedwa Shemar Moore anatsegula envulopu, nafuula kuti mndandanda wa kulephera watha, nachula dzina la Susan Lucci. Unali ulendo wa 19. Holo yonse inaimirira, anthu naomba m'manja kwa mphindi zingapo osaleka, ambiri akulira, ngakhale amene anali kupikisana nao. Magawo amene anawapambanitsa anali aja a Erica ndi mwana wake wodwala.

Zimene analankhula usikuwo ndizo zoyenera kuzisunga. Anati sanakhulupirire kuti tsikuli lidzafika. Anathokoza Amai Nixon ndi amuna ao. Kenaka anauza ana ao kuti cikho cikadabwera kale, sakadakhala ndi mulu wa makalata, zojambula, mabaluni ndi makeke zimene anawo anali kuwakonzera caka ndi caka kuti awatonthoze. Ndipo anamaliza ndi kunena kuti Lolemba abwerera ku nchito kukasewera Erica Kane ndi mphamvu zao zonse. Munthu amene wadikira zaka 21 atalandira cimene anali kudikira, maganizo ake anali pa nchito ya Lolemba. Ndi maganizo omwewo amene anawayendetsa m'zaka za kulephera.

KUNYUMBA KUNALIBE ERICA

Oonera masewero otere nthawi zina amasokoneza munthu ndi cigoba cimene wabvala. Mai wina wosewera, Eileen Fulton, amene anali Lisa wobvuta m'sewero la As the World Turns, anafotokoza kuti mkazi wina wosamdziwa anammenya mu New York cifukwa ca zoipa za Lisa. Amai Lucci nao anali kuitanidwa kuti Erica kuli konse kumene anapita. Koma nchito ikatha anali kubvula Erica ndi kubwerera ku Garden City, tauni yomwe anakuliramo. Kwa zaka zambiri za kuchuka kwao pakhomo pao panali pomwepo, kutali ndi Hollywood.

Anabereka ana awiri, wamkazi mu 1975 ndi wamwamuna mu 1980. Wamkaziyo, Liza Huber, anadzakhalanso wosewera, ndipo anaoneka m'sewero la Passions. Bambo Huber anasiya nchito ya m'mahotela nayamba kuyang'anira mapangano ndi malonda a akazi ao. Mwamuna amene anali mkulu pa nchito yake anabvomera kuima kumbuyo kuti mkazi wake aime kutsogolo, ndipo sanacite nazo manyazi. Mutu umodzi susenza denga. Pa miyambo ya mphotho ija, caka ndi caka, Bambo Huber ndiwo anali kukhala pambali pao pamene dzina la wina likuchulidwa.

Pambali pa All My Children anagwiranso nchito zina. Anaoneka m'sewero la madzulo la Dallas m'caka cake comaliza, 1990 mpaka 1991. Kumapeto kwa 1999 anaimba ndi kusewera pa bwalo la Broadway m'sewero la nyimbo la Annie Get Your Gun. Mu 2005 dzina lao linalembedwa pa nyenyezi ya mumsewu wa anthu ochuka ku Hollywood, ndipo mu 2008, ali ndi zaka 61, anapikisana nao pa pulogalamu ya magule ya Dancing with the Stars. Koma konseko anali kupita ngati mlendo. Munda wao weniweni unali Pine Valley.

SEWERO LOSATHA LITHA

Pamene zaka zinali kupita, oonera masewero a masana anayamba kucepa. Akazi ambiri anayamba kugwira nchito kunja kwa nyumba, motero masana panyumba panalibe wotsegula kanema. Mawailesi a kanema anaculuka, ndipo munthu anali ndi zambiri zosankha. Mu 1995 mlandu wa O. J. Simpson unali kuonetsedwa masana kwa miyezi, ndipo ambiri amene anasiya masewero kuti atsate mlanduwo sanabwererenso. Eni makampani anaonanso kuti pulogalamu ya anthu oceza pa tebulo kapena ophika imadya ndalama zocepa kuposa sewero la osewera ambiri, olemba ndi omanga zipinda.

Guiding Light, imene inayambira pa wailesi mu 1937, inatha mu 2009. As the World Turns inatha mu 2010. All My Children inasamutsidwa kucoka ku New York kupita ku Los Angeles pofuna kucepetsa ndalama, ndipo Amai Lucci anayamba kuuluka pa ndege pakati pa mizinda iwiriyi. Sizinathandize. Mu April 2011 kampani ya ABC inalengeza kuti sewerolo litsekedwa, ndipo gawo lomaliza linaonetsedwa pa 23 September 2011, pambuyo pa magawo oposa 10,700. M'malo mwake munalowa pulogalamu ya zakudya. Amai Lucci ndiwo okha anakhalamo osadukiza kuyambira mwezi woyamba mpaka tsiku lomaliza.

Apa sanakhale cete. M'buku la mbiri ya moyo wao lochedwa All My Life, limene linatuluka m'caka comweco, anaonjezamo mau odzudzula akulu a kampani kuti anaononga sewero ndi zosankha zao. Kudekha kwao sikunali kwa munthu wosadziwa kulankhula. Pa mphotho, imene inali kukhudza iwo okha, anapirira. Pa nchito ya anzao ambiri imene inatayika, analankhula.

Anali ndi zaka 64, ndipo ambiri akadapuma. Iwo anapeza nchito ina, ndipo kuyambira 2013 mpaka 2016 anasewera Genevieve Delatour m'sewero la Devious Maids. Masewero a sopo nao sanafe onse. General Hospital, The Young and the Restless, The Bold and the Beautiful ndi Days of Our Lives anapulumuka nyengo imeneyo, ndipo mu February 2025 kampani ya CBS inayambitsa latsopano, Beyond the Gates, lonena za banja lolemera la anthu akuda.

CENJEZO LA MTIMA

Gawo ili, amai, muliwerenge kawiri. Mu October 2018, ali ndi zaka 71, Amai Lucci anamva kulemera pa cifuwa. Anaganiza kuti n'kutopa cabe. Kunabweranso, ndipo anakunyalanyazanso. Kacitatu kunawagwira ali m'sitolo, ndipo anati kunali ngati njobvu yawaponda pa cifuwa. Anathamangira nao ku cipatala ca St. Francis ku Long Island, kumene madokotala anapeza kuti mtsempha waukulu wopereka magazi ku mtima unali wotsekeka ndi 90 peresenti, ndipo wina ndi 70 peresenti. Usiku womwewo anawaika timapaipi tiwiri ta waya totsegula mitsemphayo. Akadapita kunyumba kukagona, mwina sakadadzuka.

Codabwitsa n'cakuti anali munthu woonda, wodya mosamala, wocita maseŵera olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku. Bvuto linali la kumtundu: atate ao anadwalapo mtima asanakwanitse zaka 50. Mu January 2022 anamvanso kubanika ndi kupweteka kwa nsagwada. Anafuna kuzengereza poopa kubvutitsa dokotala usiku, koma amuna ao anawakakamiza, ndipo anapezeka ndi mtsempha wina wotsekeka ndi 80 peresenti. Kucokera pa kudwala koyamba kuja akhala akugwira nchito ndi bungwe la American Heart Association kucenjeza akazi kuti matenda a mtima sali a amuna okha, ndiponso kuti kwa akazi zizindikiro zingakhale kulemera pa cifuwa, kubanika, kutopa kosadziwika bwino, mseru, kapena ululu wa nsagwada, msana ndi mkono. Uthenga wao ndi wakuti mkazi amathamangitsira mwana ndi mwamuna ku cipatala, koma za thupi lake amati ndiona mawa. Kodi si mmene alirinso amai athu ambiri? Zengerezu analinda kwaukwau. Cifuwa cikalemera mwacilendo, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo mukapita mupimitsenso kuthamanga kwa magazi.

Patangopita miyezi iwiri kucokera pamene anapulumutsa akazi ao, Bambo Huber anamwalira pa 28 March 2022, ali ndi zaka 84. Anakhala m'banja zaka 52. Mu December 2023 okonza Daytime Emmy anapatsa Amai Lucci mphotho yolemekeza nchito ya moyo wao wonse, ndipo anaipereka ndi Shemar Moore yemwe uja. Ulendo uno mpando wa pambali pao unalibe mwini wake.

TIKAMAONERA NDI ANA ATHU

Masewero a sopo ali m'nyumba zathu, ndipo tsopano alinso m'mafoni a ana athu. Kuwaletsa kotheratu n'kobvuta, ndipo ena mwa iwo aphunzitsa anthu zinthu zabwino, monga tinaonera kwa Amai Nixon. Cofunika n'kudziwa mmene amapangidwira. Olemba amasudzula Erica cifukwa banja la mtendere silisunga anthu pa mpando. Mkangano ndiwo umagulitsa sopo. Mtsikana amene aona mkazi wa pa kanema akusiya mwamuna wacisanu ali m'zobvala zonyezimira, osasowa cakudya ngakhale tsiku limodzi, ayenera kuuzidwa kuti mkazi ameneyo analembedwa pa pepala, ndipo ana ake sagona ndi njala cifukwa nao ndi a pa pepala.

Muuzeninso za mkazi weniweni amene anali kuseri kwa Erica. Anali kudzuka m'mamawa ndi masamba oti alowezere, kwa zaka 41. Anasekedwa pamaso pa dziko maulendo 18 osasiya nchito. Analera ana ake m'tauni imene anakuliramo, ndipo anaika m'manda mwamuna yemweyo amene anamanga naye ukwati ali ndi zaka 22. Moyo wotere ukadalembedwa kukhala sewero, mwina oonera akadati ulibe nkhani, n'kutseka kanema. Komatu ndi moyo umenewo umene unanyamula Erica Kane zaka zonsezo.